Mapazi a Malemu Makwinja

Sendererani kuno, nkhani iyi sindiinena mokweza. Eni ake akadali moyo, ndipo ena a iwo mumakwera nawo minibasi osadziwa.

Ku Limbe, pamwamba pa sitolo ina yakale yogulitsa nsalu, panali kasukulu kophunzitsa achinyamata kupanga mafilimu. Ambiri ankathamangira kamera, poti wogwira kamera amaoneka ndipo atsikana amamudziwa dzina. Koma kumapeto kwa khonde kunali kachipinda kopanda windo, makoma ake omatidwa matileyi a mazira ndi mabulangete akale kuti phokoso la mumsewu lisalowe. Mmenemo ndi mmene munkalamulira mayi Nelesi Kamwaza, mphunzitsi wa za mawu. Ntchito yawo inkayamba filimu ikatha kujambulidwa. Iwo ndi ophunzira awo ankaiveka phokoso lonse limene linatayika pojambula: mapazi, zitseko, mvula, ngakhale kupuma kwa munthu.

Anali mayi wochepa thupi, wouma pakamwa, wosaseka wamba. Wophunzira watsopano akalowa ankamuuza kuti atsinzine, iwo n'kuthyola chinangwa pafupi ndi maikolofoni.

"Wamva chiyani?"

"Fupa lathyoka, madamu."

"Penya. Ndi chinangwa cha mumsika wa Limbe. Khutu ndi chitsiru, limakhulupirira chilichonse. Ife ntchito yathu ndi kulinamiza mwaulemu."

Pakati pa chipindacho panali bokosi lalikulu lathabwa, logawidwa zigawo: kwina mchenga, kwina timiyala, kwina dothi lofiira louma. Mmenemo wophunzira ankaponda pamalo amodzi, maso ali pa kanema, kutsanzira mayendedwe a munthu wa m'filimu. Mayi Kamwaza ankati mapazi ndiwo mayeso enieni. Chitseko aliyense amenyetsa, ankatero, koma kuyenda ngati munthu wina mpaka mkazi wake ali m'nyumba anene kuti abambo afika, imeneyo ndiye ntchito.

Chaka china ophunzira a m'kalasi yomaliza anakajambula filimu yawo cha ku Lunzu. Inali nkhani ya mkulu wina amene atopa ndi mikangano ya ana ake, n'kungonyamuka ulendo. Wosewera mkuluyo anali a Makwinja, munthu wa m'mudzi momwemo, amene anagwirapo ntchito kunjanji mpaka chitsulo chinawagwera pamwendo. Kuyambira pamenepo mayendedwe awo anali odziwika mudzi wonse. Phazi lamanzere linkaponda mwamphamvu ndi kachitsulo ka kuchidendene, lamanja n'kumakhwekhwerezeka pambuyo. Kho, khwee. Kho, khwee. Nsapatonso zinali zawozawo, zakuda, zong'aluka, zomatidwa tayala pansi.

Tsiku lomaliza kujambula, ophunzira anawapempha kuti asiye nsapatozo, ati kuopa kuti zingasinthe maonekedwe akadzafuna kubwereza zina. Anawapatsa patapata. A Makwinja anaseka n'kuti, "Muzisunge bwino ana inu, za kutchalitchi ndi zomwezo." Koma zojambulazo zinakwana, ndipo ku Lunzu sanabwerereko. Mvula isanagwe kunamveka uthenga woti a Makwinja atisiya, chibayo. Ophunzira anasonkha kachipepeso n'kutumiza, koma nsapato zija zinatsala m'katoni ya zovala, aliyense ataziiwala.

Atayamba kukonza mawu anapeza kuti mphepo ya ku Lunzu inawononga zonse. Mapazi onse a mkuluyo anayenera kupangidwanso m'bokosi muja. Ntchitoyo inagwera Fatsani, mnyamata wamtali wa ku Bangwe, woyenda modumphadumpha ngati pansi pakutentha. Pa kompyuta panakhala mnzake Ulemu, mtsikana wofatsa wa ku Ntcheu.

Fatsani anayesa jombo, mayi Kamwaza anati ameneyo ndi msilikali. Anayesa nsapato za ukwati za mlamu wake, iwo anati ameneyo ndi mlaliki. Anamangirira kachitsulo ku nsapato ina, iwo anavula mahedifoni n'kuti, "Iwe, ukuyenda kapena ukukhoma denga?" Tsiku linatha choncho, mnyamata thukuta kamukamu.

M'mawa mwake, pofunafuna nsapato zina, Fatsani anavundukula katoni ija.

"Madamu, zenizeni zija zilipo!"

Ulemu anatembenuka pampando. "Zimenezo ndi za malemu, madamu. Bwenzi titangozibweza."

"Tidzabweza tikamaliza," anatero mayi Kamwaza. "Nsapato ndi chikopa ndi tayala basi. Fatsani, vala."

Fatsani anali ndi mapazi aakulu, anzake ankati amagula nsapato ndi muyeso wa bwato. A Makwinja anali kamunthu kakafupi. Koma nsapato zinalowa bwinobwino, osamuthina paliponse. Paja tsoka silinunkha.

Ulemu anayatsa kanema. Fatsani anaima pa dothi lofiira, n'kuyamba. Kho, khwee. Kho, khwee. Sanaphonye ngakhale kamodzi. Pamene mkulu wa pa kanema anapunthwa pang'ono, nayenso anapunthwa nthawi yomweyo, chonsecho malo amenewo anali asanawaonepo bwino. Mayi Kamwaza anamvetsera atatsinzina. Atatsegula maso anangoti, "Eya." Ophunzira amene anadutsa m'manja mwawo angakuuzeni kuti eya wa mayi Kamwaza anali wosowa kuposa mvula ya mu Ogasiti.

Panatsala chigawo chomaliza, chachitali kuposa zonse. Mkuluyo amatsika ndi msewu wafumbi, kamera ili pamalo amodzi, iye n'kumachepa, n'kumachepa, mpaka kusanduka kadontho. Nthawi inali itatha ndipo magetsi anali pafupi kuzima monga mwa masiku onse. Ndiye mayi Kamwaza anati apezerepo mwayi wophunzitsa njira yachidule.

"Sitimutopetsa mnyamatayu. Ulemu, dula mapazi angapo abwino aja, uwalumikize kumapeto ndi koyambira kuti azingobwerezeka. Imeneyi ndiye lupu. Ilibe pothera, imangozungulira."

"Nanga filimu ikamatha, madamu, timuimitsa bwanji?"

"Munthu wopita kutali sitimuimitsa. Timangochepetsa mawu pang'onopang'ono mpaka khutu limutaye. Iye akuyendabe, ife ndi amene tasiya kumva."

Ulemu anachita momwemo. Zinamveka bwino kwabasi. Fatsani anavula nsapato n'kuziika pa shelefu, anasalaza dothi la m'bokosi ndi tsache monga mwa lamulo la chipindacho, onse n'kuweruka.

Kutacha, mayi Kamwaza ndi amene anatsegula chitseko, poti kiyi ankasunga okha. Pa dothi lofiira panali zidindo. Chidendene chozama mbali imodzi, mzere wokhwekhwereza mbali inayo. Anaima n'kuyang'ana kwa kanthawi, kenako anatenga tsache n'kusalaza. Fatsani atafika anamukalipira kuti ndi waulesi, sanasese. Mnyamatayo anati alumbire, koma anaona nkhope yawo n'kungopepesa.

Tsiku lomwelo Ulemu anaitana. "Madamu, taonani. Filimu yathera apa, kanema wada, koma mzere wa mapazi wapitirira."

"Wakoka molakwika ndi dzanja lako lonjenjemeralo. Dula."

Anadula. Mawa lake mzerewo unali utatalika kuposa dzulo. Anadulanso, n'kusunga ntchitoyo mayi Kamwaza akuona ndi maso awo. Tsiku lotsatira unali utatalika mpaka kusowa pothera pa kompyuta.

Masana a tsiku limenelo, ophunzira atapita kukagula chiwaya, mayi Kamwaza anakhala okha n'kuvala mahedifoni. Anapita pamene filimu imathera, anakweza mawu aja anachepetsedwa, n'kumvetsera. Tsono inu mudziwe kuti mu lupu phazi lililonse limafanana ndi linzake ndendende, poti ndi phazi lomwelo lobwerezedwa. Koma awa sanali kufanana. Penapake phazi linakankha kamwala, n'kumveka kakugubuduka. Patsogolo pake dothi linasanduka matabwa, gu, khwee, gu, khwee, pansi pake madzi akuyenda. Kenako chigayo chinamveka chapatali, chinayandikira, chinadutsa, n'kutsalira m'mbuyo. M'chipinda chawo munalibe matabwa otero, munalibe chigayo, ndipo zonsezo palibe anazijambula.

Anavula mahedifoni, anawaika pa tebulo mwaulemu ngati mbale ya eni, n'kutuluka kukaima pakhonde. Sanauze munthu.

Ali chiimire pakhondepo anamva munthu akukwera masitepe. Kho, khwee. Kho, khwee. Anagwira chitsulo cha khonde n'kudikira kuti aone chimene chitulukire. Anatulukira Fatsani, chipisi chili m'manja, kumapazi atavala nsapato zake zamphira. Mphira sulira kho, zimenezo ngakhale mwana amadziwa.

"Mwendowo watani?"

"Ukungolemera, madamu. Kaya ndi mpira wa Lamulungu uja."

"Unasewera?"

Fatsani anaganiza. "Ayi, ndinangoonerera."

Kuyambira pamenepo zinthu zinayamba kutsatana. Kondakitala wina pa siteji ya Bangwe, ataona Fatsani akubwera chakumbuyo kwake, anakuwa kuti, "Apatseni malo akutsogolo madalawa!" Atacheuka n'kuona kuti ndi mnyamata, anangoti kukamwa yasa. Agalu a pa sitolo ya nsalu, amene ankamudziwa Fatsani chifukwa cha mafupa, anayamba kumuthawa. M'kalasi anasiya kukhala pansi. Akati akhale, miyendo inkamuyabwa mkati mwa mafupa, ndiye ankaima kumbuyo n'kumasinthanitsa mapazi. Anzake ankamuseka kuti ali ndi chithupsa pamalo osatchula, iye n'kumaseka nawo, koma maso ake anali atalowa.

Kenako anayamba kuchedwa. Tsiku lina anafika dzuwa lili pamutu, fumbi mpaka m'mawondo.

"Unali kuti?"

"Madamu, musandiseke. Ndinanyamuka bwinobwino kubwera kuno. Pozindikira ndili pa Chichiri, ndadutsa sukulu osaiona."

Patapita masiku pang'ono anazindikira ali pa Chirimba. Mayi Kamwaza sanafunikire munthu wowauza kuti msewu umenewo umapita ku Lunzu. Mlongo wake wa Fatsani anawaimbira foni akulira, ati mwana wa amayi sakugona, amangozungulira m'nyumba mpaka kucha, chakudya amadya chiimire, ndipo chitseko achita kumangira waya. Kuchipatala anamupima n'kumupatsa panado.

Apa mayi Kamwaza mantha anawagwira zenizeni, ndipo sanali mantha a mizimu ayi. Anali mantha oti mwana wa eni ake, amene iwo anamuuza ndi pakamwa pawo kuti vala, tsiku lina adzanyamuka osabwereranso. Anafufuta mapazi onse pa kompyuta. M'mawa mwake mzere unali pomwepo. Anavalanso mahedifoni n'kupita kumapeto kwenikweni. Chigayo chinali chitazimirira kalekale. Kunkamveka mphepo m'mitengo ikuluikulu chapatsogolo, ndi njiwa imodzi.

Anakulunga nsapato zija m'chitenje. Anauza Ulemu kuti akhale ndi Fatsani m'chipindamo, akiye chitseko, asamutsegulire ngakhale atapempha motani. Iwo anakwera minibasi ya ku Lunzu.

Anatsikira pamene ophunzira anawalongosolera, n'kulowa msewu wafumbi. Unali masana, dzuwa likuswa mtengo. Malo a m'filimu anawazindikira msanga, mtengo wa mango ndi chulu zimene ankaziona pa kanema. Anapitirira pamene kamera inalekezera. Atayenda pang'ono phazi lawo linakankha kamwala. Patsogolo pake anapeza kamlatho ka matabwa, madzi akuyenda pansi. Atawoloka anamva chigayo. Malo amenewa anali asanawapondepo chibadwire, koma makutu awo ankadziwa chilichonse chisanafike.

Anakumana ndi mayi wina atasenza nkhuni. Mayiyo anapatuka kulowa m'tchire kuwasiyira njira yonse, anapinda mawondo, n'kupereka moni osayang'ana iwo koma chakumbali kwawo.

"Mwabwera nawo?" anafunsa motsitsa mawu.

"Ndani?"

Mayiyo anakonza nkhata yake n'kupitiriza ulendo mofulumira, osacheuka.

Nyumba ya a Makwinja inali m'mphepete mwa msewu womwewo, kupitirira chigayo. Msewu sunathere pamenepo. Unkatsetsereka mpaka kukalowa m'msitu wa mitengo ikuluikulu, wobiriwira wokha pakati pa minda youma. Mitengo yotere, imene munthu sadulako nkhuni, aliyense amadziwa kuti imaphimba chiyani.

Mkazi wa malemu, Nankhoma, anali pakhonde akusola nandolo. Mayi Kamwaza anaodira, anakhala pamphasa, anapepesa maliro, n'kufotokoza kuti iwo ndi mphunzitsi wa ana aja a filimu. Kenako anamasula chitenje. Nankhoma anayang'ana nsapatozo, manja ake n'kusiya nandolo, koma sanazikhudze.

"Tinazifunafuna tsiku la maliro. Tinatembenuza nyumba yonse."

"Tinalakwa, mayi. Ndabwera kudzabweza."

"Mwazivalapo."

Sikunali kufunsa. Mayi Kamwaza anaweramitsa mutu n'kunena zonse, za bokosi la dothi, za mnyamata, za mapazi obwerezabwereza. Sanadziwe ngati Nankhoma anamvetsa za lupuzo. Mayiyo anangopukusa mutu.

"Ife kuno sitinamete kachiwiri. Katundu wawo sitinagawe, malaya awo ali pa msomali pomwe anawasiya. Munthu akadali panjira, inu n'kumuveka nsapato?" Anatola nandolo n'kumutayanso m'lichero. "Ine zanu za makinazo sindizidziwa. Chimene ndikudziwa n'choti anadutsa pano. Ndinamva ndili m'nyumba, kho, khwee, ndinati nditenge madzi. Koma anangodutsa. Zaka zonse ndakhala nawo bambo amenewa, sanadutsepo pakhomo pawo osakhala pansi. Munawatani?"

Mayi Kamwaza anafunsa funso limene munthu wa ntchito yawo yekha angafunse pa nyumba ya maliro.

"Akafika pakhomo, zinkamveka bwanji?"

Nankhoma anawayang'ana ngati wamisala. Koma pakamwa panayamba pokha. Ati ankafika pa sitepe ya khonde n'kuima. Ankamenyetsa phazi labwinolo kawiri kusasa fumbi. Kenako ankadziponya pa kampando kawo kathabwa, kampandoko n'kulira. Ankayamba kumasula lamanzere, poti lamanja linkafuna manja onse awiri. Akavula ankaziika pamodzi pansi pa mpando, n'kupuma mpweya wautali. Pofika pamenepa Nankhoma anapukuta maso ndi nsonga ya chitenje.

"Nsapatozo bwererani nazo," anatero. "Mudzabweretse eni ake atakhala pansi. Panopa sindizilandira."

"Mungandibwereke kampandoko?"

Nankhoma analowa m'nyumba n'kutuluka nako. Kanali kakafupi, kosalala chifukwa chokhalidwa. "Tengani. Koma ndi mpando wa munthu wotopa umenewu."

Anafika ku Limbe dzuwa litapendeka. Ali pa masitepe anamva kale mapazi m'chipinda muja, mabulangete onse aja osathandiza kanthu. Ulemu anatsegula, maso ali ofiira. Fatsani ankazungulira bokosi, malaya atanyowa, milomo itauma. Chala chake chimodzi chinali chikutuluka magazi, ati anayesa kutsegula chitseko ndi zikhadabo.

"Madamu, ndatopa," anatero osaima. "Ndikufuna ndikhale pansi koma sizikutheka. Ndatopa, madamu."

Mayi Kamwaza anaika kampando pa simenti pafupi ndi bokosi. Anaimika maikolofoni ina pa dothi, ina pa kampandoko. Anafotokoza mwachidule, ndi mawu awo a m'kalasi omwe aja, kuti anajambula munthu akuyenda koma sanajambule akufika, ndipo lero ajambula kufikako. Atamasula chitenje, Fatsani anatambasula manja kuti alandire nsapato.

Iwo anazibweza kumbuyo. Anamuyang'ana mnyamatayo, wamtali, wa zaka zochepa, amayi ake akumudikira ku Bangwe. Anayang'ananso kampando kaja. Panalibe amene akanawauza kuti wokhala pamenepo m'malo mwa a Makwinja zimuthera bwanji.

"Iwe wayenda mokwanira," anatero. "Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Ndinati vala ndine."

"Madamu, musatero," anatero Ulemu.

"Iwe yang'ana kompyuta yako. Mawu akapyola muyeso ndikulepheretsa mayeso."

Anavula nsapato zawo n'kulowetsa mapazi m'zakudazo. Mapazi awo anali aang'ono ngati a mtsikana wa pulayimale, koma nsapato zinawagwira bwinobwino. Zinali zofunda mkati. Anavala mahedifoni, anakwera pa dothi lofiira, n'kukodola Ulemu kuti ayambe.

Pa kanema panalibe chithunzi, panali bii. Chowatsogolera chinali khutu lokha. Mapazi aja anali atafika pa masamba ouma, tswa, khwee, tswa, khwee, mphepo ya m'mitengo ili pamwamba penipeni. Njiwa ija inali itasiya kulira. Mayi Kamwaza anayamba kuponda molingana nawo. Mwendo wamanja unalemera wokha, sanachite kuuphunzitsa.

Poyamba anangotsatira, monga amachitira munthu wofuna kubweza ng'ombe yothawa. Kenako anayamba kuchedwetsa phazi pang'ono. Chinachake chinakoka, ndipo anamva kukokako m'chiuno. Anachedwetsanso. Mapazi a m'mahedifoni anazengereza, anaphonya kamodzi, n'kugwirizana ndi awo. Pamenepo anatembenuka m'bokosimo pang'onopang'ono, nkhope kuloza kumene mapazi aja anachokera, n'kupondaponda pa dothi louma. Masamba anayamba kuchepa. Mphepo ya m'mitengo inatsalira m'mbuyo. Ulemu akuti ankaona thukuta likutsika m'khosi mwawo, ndipo kumbuyo kwake Fatsani ankaponda chimodzimodzi, phazi ndi phazi, maso atatsinzina.

Ulendo wobwerera unali wokwera, ndipo unatalika. Kunja ma sitolo anatsekedwa, ma minibasi anachepa, iwo akupondabe. Mpaka chapatali kunamveka chigayo chikuzima, nkhuku zikukwera m'khola, ndi lichero likuikidwa pansi.

Anatuluka m'bokosi n'kuponda pa simenti. Anaima. Anamenyetsa phazi lamanzere kawiri. Anadziponya pa kampando, kampandoko n'kulira. Anawerama n'kumasula lamanzere, kenako lamanja ndi manja onse awiri. Anaziika pamodzi pansi pa mpando. Ndiye m'chifuwa mwawo munatuluka mpweya wautali, wokhuthala, wa munthu wamwamuna wokalamba. Ulemu mpaka lero safuna kuukamba mpweya umenewo.

M'chipinda munangoti zii. Pa kompyuta mzere uja unali utathera pomwepo.

Fatsani anatsetsereka ndi khoma n'kukhala pansi. Anatambasula miyendo, anaiyang'ana, n'kuyamba kulira ngati mwana, kwinaku akuseka. Anamusiya alire. Atatha, mayi Kamwaza anamuuza kuti adzuke, apite kuchitseko n'kubwerera. Anadzuka. Anapita modumphadumpha, mphira uli phee, n'kubwerera.

"Bwerezanso."

Anabwereza.

"Eya," anatero mayi Kamwaza.

Ulemu anasunga ntchito, anazimitsa makina, anakulunga nsapato m'chitenje kuti mawa zipite kwawo. Fatsani anasesa dothi. Atamaliza anaima pachitseko, zikwama zili kumsana.

"Tiyeni madamu, kwada."

"Tsogolani. Ndipume kaye pang'ono."

Anadikira. Mayi Kamwaza anali chikhalire pa kampando paja, manja ali pa mawondo, mapazi opanda nsapato ali pa simenti. Ulemu anaona kuti manjawo akukanikiza mawondo mwamphamvu, mitsempha ili tolotolo, monga achitira munthu wofuna kudzuka. Anakanikiza kachiwiri. Miyendo inangokhala pomwe inali, yofatsa, ngati ya munthu amene wafika ndipo alibenso kopita.

"Madamu?"

"Musaime ngati mitengo pamenepo," anatero ndi mawu awo ouma aja. "Fatsani, bwera undibereke. Kampandoka katsale, ndi ka eni."

Madokotala anadzapima pambuyo pake, anajambula msana, anabaya singano, osapeza kanthu. Nankhoma analandira nsapato ndi mpando, ndipo mwezi wotsatira anameta. Koma zimenezo ndi za m'tsogolo. Madzulo amenewo Fatsani anagwada, anawabereka aphunzitsi ake kumsana, opepuka ngati mtolo wa udzu, n'kuyamba kutsika masitepe, misozi ikugwera pa malaya. Ulemu ankaunikira ndi foni kutsogolo. Mayi Kamwaza anatsamiritsa khutu pa msana wa mnyamatayo n'kutsinzina.

"Usathamange," anatero. "Ponda limodzilimodzi. Ndikufuna ndimve kuti ndi ako."